Matabuleti a Chichewa ndi Chingerezi afika pasukulu: muyambire pati, ana muwaolotse liti

Funso ili ndafunsidwa pa TDC (malo a zoni omwe aphunzitsi timakumanira pa maphunziro), ndafunsidwa mu minibasi ya ku Muloza, tsiku lina ndinafunsidwa ndili pakati posankha nanazi pa Chitakale. "Aphunzitsi, matabuleti aja afika kwathu. Ana tiwayambitse Chichewa kapena tingowaika pa Chingerezi?" Ndikayankha pakamwa, nthawi zonse ndimakumbukira ndili kale kunyumba kuti china chofunika ndasiya. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndikulembera makamaka inu aphunzitsi anzanga a Sitandade 1 ndi 2 kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, koma ahedi ndi a komiti ya sukulu apezamonso zawo.

Kwa amene zawapeza mwadzidzidzi, zinthuzi sizinayambe dzulo. Bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion linayesa pulogalamu yake ya masamu m'Chichewa pasukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo ntchitoyo inakula mothandizana ndi VSO, bungwe la anthu ogwira ntchito zachitukuko modzipereka. Mu 2019 bungweli linagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi anzawo a Kitkit School, atayesa mapulogalamu awo m'midzi ya ku Tanzania. Chomwe ndimafuna muchigwire pankhani ya ku Tanzania ndi chakuti ana aja ankaphunzira m'Chiswahili, chiyankhulo chomwe amachimva. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za pulayimale za boma. Kaya anu abwera kudzera mmenemo, kaya ndi mphatso ya mpingo kapena ya esiteti yoyandikana nanu, zomwe ndalemba pansipa zigwira ntchito pa pulogalamu iliyonse yomwe ili ndi ziyankhulo ziwirizi. Ngati amene anakupatsani zipangizo anakusiyirani malamulo a kasungidwe ndi nthawi, tsatirani amenewo. Anga ndi owonjezera pa zomwe zimachitika chitseko cha kalasi chikatsekedwa.

1. Khalani mwana poyamba

Musanapereke tabuleti kwa mwana aliyense, khalani nayo pansi inuyo, mahedifoni kumutu, masiku atatu kapena anayi mukaweruka. Dutsani maphunziro oyambirira a Chichewa, kenako a Chingerezi, kenako masamu. Muzilakwitsa dala kuti muone chomwe pulogalamuyo imachita mwana akaphonya: kodi imabwereza funso, imamupatsa yankho, kapena imangomupititsa patsogolo?

Mukhale ndi kope pambali. Lembani malembo omwe ikuyamba nawo, muwayerekeze ndi a m'buku lathu la Sitandade 1, lija timayamba ndi a, n, i, k, u, m, e, t, o, lomwe ambiri timangoti anikumeto. Ngati tabuleti ikuyamba ndi malembo ena, si mlandu, koma muyenera kudziwa kuti musadabwe mwana akakufunsani lembo lomwe simunaphunzitse. Lembaninso mawu onse olamula omwe mbali ya Chingerezi ikugwiritsa ntchito: touch, drag, listen, find, match ndi ena otero. Mndandanda umenewu muusunge bwino, tidzaufuna pa gawo 7.

2. Moto ndi chinyezi

Kuno kwathu sola ili ndi mdani wake. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, phiri limatha masiku atatu osaoneka, ndipo batire silidzaza. Masiku amenewo chepetsani magulu m'malo mokakamiza matabuleti mpaka azime okha. Tabuleti yomwe imathera moto mpaka pansi tsiku ndi tsiku batire lake silikhalitsa. Panelo muzipukuta, makamaka miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo ngati pali nthambi ya mtengo yomwe ikuiphimba m'mawa, auzeni a komiti aidule.

Pasakhale kutchajirapo mafoni. Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta pomwe kunyumba kulibe magetsi, koma mukalola foni imodzi, sabata yamawa zidzakhala khumi, ndipo Lolemba ana adzapeza matabuleti akufa.

Bokosi losungira lisagunde khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja, ndipo likhale pamwamba, osati pasimenti. Tonse tikukumbukira Marichi 2023, Freddy atagwetsa nyumba, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Gwirizanani ndi ahedi lero, kunja kukuwala, za komwe zipangizo zingasamutsidwire zoterezi zitabweranso.

3. Dziwani chiyankhulo chomwe mwana wabwera nacho

Pulogalamu imati ziyankhulo ndi ziwiri. M'kalasi mwanu mwina muli zitatu kapena zinayi. Ana ambiri kuno amayankhula Chichewa, inde, koma alipo oleredwa ndi agogo omwe pakhomo amayankhula Chilhomwe, alipo a Chiyao, ndipo kufupi ndi malire kuli ana omwe makolo awo amachokera mbali ya Milange. Ngakhale Chichewa chenichenicho, cha m'midzi ya kuno sichifanana ndendende ndi cha m'mabuku chomwe mawu a mu tabuleti amayankhula.

Sabata yoyamba, itanani ana asanuasanu, muwauze zinthu zophweka m'Chichewa cha m'buku: "Loza chachikulu. Tenga chomwe chili kumanzere. Sankha chofanana ndi ichi." Onani amene akudikira kuti aone mnzake kaye. Mwana wotere si wopusa. Mwina sakumva mawuwo, mwinanso khutu lake lili ndi vuto, ndipo ziwirizi muyenera kuzisiyanitsa. Munong'onezeni dzina lake muli kumbuyo kwake. Akapanda kutembenuka kangapo, uzani makolo apite naye kuchipatala. Ngati vuto ndi chiyankhulo, mukhazikeni pafupi ndi mnzake wa mudzi umodzi yemwe amamva zonse ziwiri, ndipo mwana ameneyu musamufulumizitse n'komwe kupita ku Chingerezi. Kwa iye Chichewa cha m'kalasi ndi mtsinje woyamba womwe akuwoloka.

4. Magulu, manambala ndi mahedifoni

Lembani nambala pa tabuleti iliyonse ndi pa mahedifoni ake. Gawani ana m'magulu molingana ndi kuchuluka kwa matabuleti omwe ali ndi moto, osati omwe ali m'kaundula. Mayina a magulu muwapachike pakhoma, mwana aliyense adziwe tsiku lake ndi malo ake okhala. Kalasi la ana 100 silingayende popanda izi.

Gulu lomwe silili pa tabuleti lisakhale chabe. Likhale ndi ntchito yeniyeni: kulemba pa masileti, kuwerenga makadi a maphatikizo, kuwerengera timiyala. Mukalisiya, lidzaunjikana pamawindo kapena kumbuyo kwa anzawo n'kumawauza mayankho.

Ngati pasukulu panu pali phala, ana alowe atadya ndipo atasamba m'manja. Chala cha phala galasi silichimva bwino, komanso mwana wanjala samvetsera. Mahedifoni muziwapukuta gulu likatuluka. Mwana yemwe khutu likutuluka mafinya kapena ali ndi chipere chachiwisi m'mutu asabwerekane ndi anzake mpaka atachira. Muchite izi mwakachetechete, osamuchititsa manyazi. Mawu asakwezedwe mpaka inu kumawamva muli chiimire patali.

5. Sabata yoyamba ndi ya zala

Ana ambiri a m'midzi yathu sanagwirepo foni ya galasi. Ena amadina ndi chikhadabo, ena amakanikiza ngati akupha nsikidzi, ena amagoneka chikhato chonse pagalasi. Aonetseni ndi tabuleti imodzi, mutaikweza m'mwamba, mwa njira yathu ija: ndiyambe ine, tichitire limodzi, kenako muchite nokha. Kugwira ndi nsonga ya chala, kukoka osachotsa chala, kudikira mawu athe musanadine.

Cholakwa chachikulu apa ndi chifundo. Mwana akakanika, dzanja la mphunzitsi limathamanga lokha kukamudinira. Pulogalamu imaona ngati mwanayo wakhoza, n'kumupatsa zovuta kuposa pamenepo, ndiye mawa akanika kawiri. Manja anu akhale kumbuyo. Mufunseni, "Akuti chiyani? Tamveranso." Akamveranso kawiri osamvetsa, m'fotokozereni ndi pakamwa, koma chala chikhale chake.

6. Chichewa chikhazikike kaye

Apa ndipo pali yankho la funso lija. Yambani ndi Chichewa, ndipo musachite nacho manyazi.

Chifukwa chake si kukonda mtundu chabe. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pamoyo wake. Chomwe amatulukira ndi chinsinsi chakuti tizilembo tapapepala timaimira mawu otuluka pakamwa, ndipo ukatiphatikiza timanena chinthu. Chinsinsi chimenechi chimagwidwa msanga m'chiyankhulo chomwe mwana amachimva kale, ndipo Chichewa chili ndi mwayi wina: chimalembedwa monga chimamvekera. Lembo la a ndi a paliponse, mu ana, mu nanazi, mu Mulanje. Mwana akaphatikiza n ndi a, kenako ma, n'kumva pakamwa pake pakutuluka "nama", amaseka chifukwa mawuwo akuwadziwa. Kuseka kumeneko ndiye umboni woti wawerenga. Akaphatikiza c, a, t m'Chingerezi asakudziwa kuti cat ndi mphaka, palibe chomuuza ngati wakhoza kapena ayi.

Koma nyenyezi ndi kuwomba m'manja kwa mu tabuleti zisakunamizeni. Chikomekome cha mkuyu. M'kalasi langa munali mnyamata wina yemwe ankamaliza msanga kuposa onse, galasi lake lili ng'aning'ani ndi zizindikiro zoti wakhoza. Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwake osayankhula. Mahedifoni anali atawatsetsereka m'khosi. Ankadina yankho loyamba, likakana adine lachiwiri, likakana lachitatu, mpaka chinthucho chilire mokondwa. Anali ataphunzira tabuletiyo, osati kuwerenga. Nditamulembera "mutu" pa sileti anayang'ana pansi, n'kuyamba kukanda simenti ndi chala chakuphazi.

Choncho muyeso wa mwana uzichitikira kunja kwa tabuleti. Mulembereni pa sileti mawu 10 omwe sanawaonepo m'buku kapena pagalasi, opanda chithunzi pambali: mawu ngati kalulu, nandolo, chinangwa, mbatata, thobwa, phiri, nkhuku. Muike osavuta ndi a maphatikizo a malembo awiri kapena atatu. Lamulo langa ine ndi lakuti akawerenga 8 mwa 10 yekha, ndipo n'kukuuzani tanthauzo lake, wakonzeka kuyamba kuona Chingerezi cholembedwa. Akapanda kufika pamenepo, apitirize Chichewa, ngakhale teremu itatha, ngakhale anzake atadutsa.

7. Kuwoloka: gawo lomwe ambiri amalidumpha

Pamaphunziro a aphunzitsi okhudza matabuleti timauzidwa mmene tingayatsire, mmene tingasinthire chiyankhulo, mmene tingatchajire. Kusintha chiyankhulo pagalasi kumatenga kamphindi. Kusintha m'mutu mwa mwana kumatenga miyezi, ndipo ntchitoyo ndi ya pakamwa panu. Tabuleti siingaigwire, chifukwa mbali yake ya Chingerezi sidziwa zomwe mbali ya Chichewa yaika m'mutu mwa mwanayo. Amene mukudziwa zonse ziwiri ndinu.

Yambani ndi khutu, diso libwere pambuyo. Chingerezi cha pakamwa sichidikira muyeso wa pa gawo 6; chimenecho chiyambe tsiku loyamba, m'nyimbo, m'malonje, m'masewera. Tengani mndandanda wa mawu olamula uja munalemba. Sabata ziwiri ana asanatsegule mbali ya Chingerezi, sewerani nawo mawuwo panja. Ikani kapu, buku ndi mwala pansi. "Touch the cup." Onse agwire kapu. "Drag the book." Akoke buku pansi osalinyamula. "Find the stone." Nthawi zambiri mwana yemwe akuoneka ngati walephera phunziro la Chingerezi pa tabuleti amakhala kuti phunzirolo akanalitha, koma sanamve chomwe akuuzidwa kuchita.

Kenako auzeni ana uthenga wabwino: malembo ambiri omwe akuwadziwa awoloka nawo. M, n, s, f, k, t, p akayima okha amamveka pafupifupi chimodzimodzi. Ch wa mu chala ndi yemweyo wa mu chair. Sh wa mu shuga ndi yemweyo wa mu shop. Ine ndimagawa bolodi pakati. Mbali imodzi ndimalemba "abale", ina "alendo", ndipo lembo lililonse lomwe takumana nalo pa tabuleti timakambirana kuti lipite mbali iti. Ana amakonda kutsutsana pa zimenezi, ndipo kutsutsanako ndiye kuphunzira.

Alendo ovuta kwambiri ndi anayi.

Oyamba ndi malembo a liwu, a, e, i, o, u. Kwathu dzina la lembo ndi liwu lake n'chimodzi. M'Chingerezi dzina la A limamveka ngati e wathu, dzina la E limamveka ngati i wathu, dzina la I limamveka ngati ai. Ndiye tabuleti ikatchula dzina la E, mwana wodziwa bwino Chichewa amadina i, ndipo malinga ndi zomwe munamuphunzitsa inu, sanalakwe. Musamukalipire. Muuzeni poyera kuti m'Chingerezi lembo lili ndi dzina komanso lili ndi liwu, ngati mmene galu ali ndi dzina loti galu koma kulira kwake n'kwina. Yambani ndi maliwu, mayina abwere pambuyo. U ndiye wosokoneza koposa: mu cup ndi mu bus amamveka ngati a wathu. Apa mawu omwe tinabwereka kale amatithandiza. Funsani ana, "Chomwera tiyi timati chiyani?" Kapu. "Nanga galimoto yaikulu yopita ku Limbe?" Basi. Makolo athu anamva bwino liwulo n'kulilemba ndi a. Lembani kapu ndi cup moyandikana, basi ndi bus moyandikana, ana aone okha kuti khutu lawo silinaname, kalembedwe ndi komwe kasiyana.

Achiwiri ndi th ndi ph. Mtsikana wina wa Sitandade 2, wowerenga bwino kwambiri Chichewa, anandiitana tsiku lina atakwiya. Anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Madamu, iyi yawonongeka, ikuwerenga zabodza." Pagalasi panali chithunzi cha foni ndi mawu oti phone. Iye ankawerenga ph wa mu phala ndi phiri, ndiye ankayembekeza kumva "phone" monga tingatchulire ife, po wa mpweya kenako ne. Tabuleti inkati foni. Ndinamuuza kuti sinawonongeke, ndipo iyenso sanalakwe. Tsiku limenelo ndinaimitsa gulu lonse, tinalemba phala ndi phone, thobwa ndi three, n'kumatchula mosinthana, dzanja lili pakamwa kuti amve mpweya wa ph ndi th wathu, kenako lilime pakati pa mano kuti atulutse th wa Chingerezi. Musadikire kuti mwana akwiye ngati ameneyu. Ambiri sakwiya, amangokhala chete n'kuyamba kukayikira Chichewa chomwe anachidziwa kale.

Chachitatu ndi mathero a mawu. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndiye pakamwa pa mwana pamawonjezera lokha: book amati buku, bed amati bedi, milk amati miliki. Poyankhula si vuto lalikulu, koma polemba mwanayo adzaika u kapena i kumapeto, ndipo pulogalamu idzamukana osamuuza chifukwa. Sewerani masewera otseka pakamwa: nenani "buku", ana ayankhe "book" n'kugwira milomo. Supuni ndi spoon, sukulu ndi school, tebulo ndi table. Mawu obwerekawa ndi mlatho wabwino chifukwa tanthauzo mwana ali nalo kale, chotsala ndi kamvekedwe.

Chachinayi ndi l ndi r. M'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo. Lamulo la kalembedwe limangoti r abwere pambuyo pa e ndi i, monga mu bwera ndi phiri, l kwina konse. M'Chingerezi rice ndi mpunga, lice ndi nsabwe. Play ndi kusewera, pray ndi kupemphera. Apa ndipo tabuleti imatiposa, ndivomere, chifukwa ambirife tinakula osasiyanitsa ndipo ana amatengera ife. Lolani ana amve mawuwo mu mahedifoni kangapo, inunso mumve nawo, kenako yeserani limodzi. Palibe chochititsa manyazi kuuza ana kuti, "Tiyeni timvere limodzi, nanenso ndikuphunzira."

C woyima yekha, q ndi x mulibe m'Chichewa, koma amenewa savuta kwenikweni chifukwa mwana alibe china chakale choti achotse m'mutu.

Pa kagawidwe ka nthawi: musasinthe chiyankhulo pakati pa phunziro limodzi. Mwana akangoyamba kuwoloka, ngati pulogalamu yanu ikulolani kusankha, mupatseni masiku ambiri a Chichewa ndi ochepa a Chingerezi, monga atatu ndi awiri, ndipo Chichewa chisasiyidwe ngakhale Chingerezi chitayamba kuyenda. Mukaona kuti wayamba kuwerenga "ana" ngati "ena", dziwani kuti maliwu asakanikirana. Mubwezereni ku Chichewa sabata imodzi, mubwereze bolodi la abale ndi alendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'aniraninso zithunzi. Mapulogalamu ena anapangidwira ana a kunja n'kungomasuliridwa. Mwana wa ku Thekerani akaona chipatso chofiira chozungulira adzati ndi tomato, osati apozi, ndiye lembo loyamba lomwe akuliyembekeza ndi t pomwe tabuleti ikufuna a. Zithunzi zotere muzizilemba m'kope lanu lija, muzifotokozeretu ana asanazipeze.

Masamu ali ndi nkhani yakeyake. Ana athu amabwera akutha kale kunena wani, thu, fili, ndipo wotumidwa kumsika amadziwa faifi handiredi. Zimenezi zimatinamiza kuti masamu a Chingerezi sadzavuta kwenikweni. Koma kutchula seveni si kudziwa kuti seveni ndi zingati. Chichewa apa chili ndi mphatso: "zisanu ndi ziwiri" chikunena chokha kuti 7 ndi 5 kuphatikiza 2. Muzigwiritsa ntchito mayina onse awiri, nambala yolembedwa ili pakati, ndi zitsekerero za mabotolo kapena njere za nandolo m'manja. Izi ndi zomwe timati TALULAR, kuphunzitsira zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo kubwera kwa tabuleti sikunazithetse ntchito. Mawu ngati more, less, take away, altogether muwaphunzitse ndi njerezo musanawasiye ana okha ndi mahedifoni. Kwa ana a Sitandade 1, masamu a pa tabuleti ndimawasiya m'Chichewa chaka chonse.

8. Mphindi zisanu zomaliza

Mahedifoni amatsekera mwana aliyense m'kanyumba kakekake, ndipo mapulogalamu ambiri a m'kalasi samva zomwe mwana akutchula. Chiyankhulo sichikula munthu ali duu. Matabuleti akabwerera m'bokosi, musawatulutse ana nthawi yomweyo. Afunseni: wamva nthano yanji? Unali ndi lembo lanji lero? Tandiuza mawu amodzi a Chingerezi omwe wawamva, nanga m'Chichewa ndi chiyani? Mwana ayankhe m'chiyankhulo chomwe angathe. Akafotokoza m'Chichewa nthano yomwe waimva m'Chingerezi, mwapambana kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti waimvetsa. Akaponyamo liwu la Chilhomwe, lilandireni, mufunse anzake kuti m'Chichewa timati chiyani, kenako m'Chingerezi.

Nthawi ikachepa, dulani mphindi za pa tabuleti, osati zimenezi.

9. Makolo

Adzabwera, ndipo adzanena zomwezi: "Ife timafuna mwana aziyankhula Chizungu. Chichewa amachidziwa kale kunyumba." Musawaone ngati osazindikira. Akudziwa kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, kuti mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndiponso kuti pa esiteti amene amakhala mu ofesi ndi wodziwa Chingerezi pomwe iwo ali m'munda ndi dengu kumsana kuthyola tiyi. Nkhawa yawo ndi yoona.

Musatsutsane nawo ndi mawu ambiri. Itanani msonkhano kudzera kwa a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a Mother Group, gulu lija la amayi a m'mudzi loyang'anira kuti ana, makamaka atsikana, asasiye sukulu. Muuike masana kapena Loweruka, poti ambiri amalawirira ku ntchito m'mamawa. Muwaveke mahedifoni makolowo, amve okha mbali zonse ziwiri. Kenako imikani mwana yemwe wawoloka bwino, awerenge chiganizo cha Chichewa chomwe kholo lina lalemba pomwepo, kenako awerenge mawu angapo a Chingerezi n'kunena tanthauzo lake. Auzeni kuti, "Bambo, mayi, Chingerezi tikupita komweko. Kuyankhula Chichewa mwana amatha, koma kuwerenga sanathe, ndipo njira yachidule yofikira kuwerenga Chingerezi imadzera pa kuwerenga chomwe akuchimva."

Apempheni chinthu chimodzi chokha chomwe aliyense angathe, ngakhale amene sanapite kusukulu: madzulo amufunse mwana zomwe wamva pa tabuleti, ndipo amusimbire nthano m'chiyankhulo cha pakhomo, kaya ndi Chichewa, Chilhomwe kapena Chiyao.

10. Kope la zochitika

Kope lija munayamba nalo lisathe ntchito. Tsamba limodzi likhale la zipangizo: tabuleti nambala yakuti siikutulutsa mawu, mahedifoni akuti aduka waya, tsiku lakuti. Zowonongeka muzipereka kwa ahedi kuti zifike kwa a PEA, mlangizi wa zoni yanu, kapena kwa amene anakupatsani zipangizozo. Musapite nazo kwa okonza mafoni pamsika, ngakhale atakhala waluso chotani. Akafufuta za m'kati, pulogalamuyo simungaibwezeretse nokha.

Masamba ena akhale a ana. Dzina, chiyankhulo cha kunyumba, tsiku lomwe munamuyesa mawu 10 aja ndi omwe anakhoza, tsiku lomwe anayamba Chingerezi cholembedwa, mlendo yemwe akumuvuta, kaya ndi th kaya ndi u. Muyeso wa pa sileti muziubwereza kamodzi pamwezi ndi mawu atsopano. Chaka chikatha, kopelo mulipereke m'manja mwa mphunzitsi wa kalasi lotsatira, mukhale naye pansi theka la ola, mumusonyeze ana omwe adakali tsidya lino kuti mu Seputembala asadzawaike pa Chingerezi tsiku loyamba.